Tsiku la 26 June Liyenera Kufika ku Nsaru ndi ku Nambuma

Mu 1987 bungwe la United Nations linakhazikitsa tsiku la 26 June kuti likhale lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, koma m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe tsikuli limangodutsa ngati masiku ena onse, pomwe la 1 December, lokumbukira matenda a Edzi, amalidziwa ngakhale ana a sukulu. Izi n'zodandaulitsa, chifukwa mwezi wa June msika wa fodya ku Kanengo umakhala uli mkati, ndipo ndalama zimene banja lakhetsera thukuta chaka chonse zimatha kuthera pa kachasu ku Nsaru, ku Mpingu kapena ku Kabudula.

Chimene anthu amachitcha uchidakwa, achipatala amachiona ngati matenda, kutanthauza kuti ubongo wazolowera mowa kufikira poti munthu sangaleke mwa kungofuna chabe, ndipo chamba nachonso chimamanga munthu motero. Amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amatuluka thukuta, amaona zinthu zomwe palibe, ndipo ena amagwa ngati odwala khunyu. Achibale akaona zotere amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti mbale wawo walodzedwa, chonsecho vutoli lingaphe munthu ngati sanafike naye kuchipatala msanga.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma lamulo limagwira wogulitsa, silichiza womwa. Chithandizo chilipo kuzipatala za St John of God mumzinda wa Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo khomo lolowera ndi chipatala chapafupi monga cha St Gabriel ku Namitete kapena cha Kabudula, kungoti manyazi ndi chitonzo zimatsekereza ambiri panyumba.

Apa ndi pamene tsiku lokumbukira lili ndi ntchito. Manyazi pa nkhani ya Edzi anachepa pamene anthu omwe ali ndi kachilombo anayamba kuimirira pagulu n'kunena okha kuti akumwa mankhwala ndipo ali moyo. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo a ku Nambuma ndi madera oyandikana nawo akonze bwalo pa 26 June, ndipo amene anasiya mowa kapena chamba apatsidwe mpata wolankhula.