Nanga amene ankagona kunsi kwa galimoto anali ndani?

Anthu kwathu kuno ku Ndirande akamva kuti ntchito yanga ndi kufufuza mbiri ya madalaivala akale a mipikisano ya magalimoto, amayesa kuti ndimangokopera za pa intaneti. Intaneti imathandiza ndithu, koma imangokupatsa dzina, chaka ndi nambala imene munthu anathera. Moyo wa munthuyo umachita kukumba.

Taonani za John Love wa ku Bulawayo. Pepala la zotsatira za South African Grand Prix ya pa 2 Januwale 1967 ku Kyalami limati woyamba Pedro Rodríguez, wachiwiri John Love, basi. Ukawerenga zimene atolankhani analemba masiku amenewo m'pamene nkhani imatuluka. Bamboyu anali ndi zaka 42, ndipo ankayendetsa Cooper yakeyake, yakale, ya injini yocheperapo poyerekeza ndi za makampani akuluakulu. Thanki inali yaing'ono, choncho anamangirirapo ina yoonjezera. Mpikisano unali wozungulira bwalo ka 80, ndipo chakumapeto iye ndiye ankatsogola. Kenaka mafuta anayamba kuvuta kufika ku injini, iye n'kupatuka kuti amuthirire ena, Rodríguez n'kudutsa. Makaniko aliyense wa ku Goliyo kapena ku Chinseu kuno ku Ndirande amene anamvapo injini ikutsamwa pa chitunda akuumva ululu umenewu kuposa munthu wongowerenga manambala. Love anatenga ukatswiri wa South Africa zaka 6 zotsatizana, kuyambira 1964 mpaka 1969, koma dziko limamukumbukira ndi tsiku limene anakhala wachiwiri.

Chithunzi chakale ndimayamba kuchiyang'ana pa nambala ya galimoto, nkhope pambuyo. Volvo PV544 imene Joginder Singh wa ku Kenya ndi mbale wake Jaswant anapambanira East African Safari mu 1965 inali ya nambala KHT 184. Inali galimoto yogwiritsidwa kale ntchito, imene inali itathamangapo kale mpikisano womwewo, ndipo anyamata awiriwa anaikonza okha. Nambala yotere ikapezeka pa zithunzi za zaka zosiyana, umadziwa manja amene galimoto inadutsamo.

Mayina nawo amasocheretsa. Joginder Singh wa ku Kenya si Satwant Singh wa ku Zambia, amene anatenga chikho cha Africa yonse ka 8 pakati pa 1988 ndi 2000. Palinso Muna Singh, wa ku Zambia komweko, amene anachitenga mu 2004 ndi 2005. Wolemba waphuma amawasakaniza, bodza lija ena n'kulikopera mpaka likhazikike. N'chifukwa chake sindilemba kanthu ndisanakapeze m'malo awiri osadalirana.

Kuno kwathu kokafufuza kulipo: ku National Archives ku Zomba, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, ndi m'masamba akale a Nyasaland Times. Koma gwero lalikulu ndi pakamwa pa akuluakulu. Agogo sungawafunse kuti chinali chaka chanji, angakuuze chilichonse pofuna kukusangalatsa. Ndimawafunsa kuti, "Kodi agogo, nthawi imeneyo munkalandira mapaundi kapena makwacha?" Akati mapaundi, ndadziwa kuti 1971 inali isanakwane. Ndikawafunsanso ngati chitaganya chinali chitatha, yankho limandiika mbali iyi kapena iyo ya 1963.

Chimene chimandiwawa pa ntchitoyi ndi ichi. Pa zithunzi zambiri za nthawi ya atsamunda, m'munsi amalemba dzina la dalaivala ndi la mnzake wowerenga njira. Pambali pamakhala bambo wachikuda wovala ovolosi, sipanala ili m'manja, koma dzina lake palibe. Chonsecho galimoto siimaliza msewu wa fumbi ndi matope popanda munthu wochezera usiku kumanga masipuling'i, kuwotcherera chasisi ndi kutsuka kabuleta. Mbiri yotchula wogwira chiwongolero yekha ndi yoperewera, ndipo ine ndimaiona ngati ngongole imene ofufuzafe sitinabweze.

Ndirande ndi mudzi wa amisiri. Ambiri amene akuwotcherera ndi kukonza injini m'mbali mwa msewu lero anaphunzira kwa atate awo kapena amalume awo, amenenso anaphunzira m'magalaja a m'tauni ya Blantyre ndi Limbe. Ngati kwanu kuli chithunzi cha agogo ataima pambali pa galimoto yolembedwa nambala yaikulu pa chitseko, kapena kalata ya ntchito ya ku galaja, musakolezere mbaula. Khalani pansi ndi akuluakulu akadali moyo, afunseni dzina la dalaivala, mtundu wa galimoto ndi njira imene inadzera, ndipo mulembe kuseli kwa chithunzicho ndi pensulo, kuyambira ndi dzina la agogo anuwo.