Amplifaya ya Malume Inasiya Kugontha

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, kuseri kwa golosale, malume anga ali ndi nyumba yoonetsera mpira. Denga ndi la malata, mabenchi ndi a matabwa a bulugamu, ndipo Loweruka masana anthu amadzaza mpaka ena kumasuzumira pazenera. Chimene chimawakoka si TV ayi, poti TV ya LG ngati imeneyo iliponso kwa mnzawo wa tsidya la msewu. Chimawakoka ndi mawu. Malume ali ndi amplifaya yakale ya Marantz imene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndipo wolengeza mpira akakuwa chigoli, malata onse amanjenjemera, nkhuku za eni n'kubalalika.

Vuto linali limodzi: amplifayayo anaigula yopanda rimoti. Kuwonjezera apo anaikhazika pashelefu yapamwamba pafupi ndi denga, poopa zala za ana ndi za akuba. Choncho panali mnyamata amene ntchito yake inali kukwera pa kreti ya zakumwa n'kukapotokola mawu ndi dzanja. Malume akakuwa kuti "Kweza!", iye ankaponda mapazi a anthu, kukwera, kutchinga TV ndi msana, nyumba yonse ikumulalatira. Pofika pamwamba, chigoli chalowa kale. Choopsa kwambiri chinali maliro. Njira ya kumanda imadutsa pomwepo, ndipo mwambo wathu mukuudziwa, maliro akamadutsa phokoso lonse lithe. Tsiku lina mnyamatayo anagwa ndi kreti yomwe, panja amayi akuimba za chisoni, m'kati wolengeza akukuwa za kona. Malume anakapepesa kwa amfumu atanyamula nkhuku.

Manyazi atawagwira, anagula rimoti ija amati imagwira chilichonse, yotha kukopera chizindikiro cha rimoti ina mukaziloza maso ndi maso. Anabwereka rimoti ya Marantz kwa mphunzitsi wina wopuma pantchito n'kukopera batani lotseka mawu, limene kwa iwo linali lofunika kuposa onse. Linagwira! Maliro ena akudutsa, malume anadina ali phee pampando, nyumba yonse zii, iwo akumwetulira. Maliro atapita anadinanso kuti mawu abwerere. Zii. Anadinanso mwamphamvu. Zii. Penate inamenyedwa mwakachetechete ndipo anthu anafuna kubwezeredwa ndalama zawo. Malume anagamula kuti amplifayayo ndi yogontha khutu limodzi, rimoti yatsopano anaiponya m'dirowa, mnyamata n'kubwerera pa kreti yake.

Amene anasintha zonsezi ndi mlongo wanga wamng'ono, amene amaphunzira zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja. Atabwera ku tchuthi anamva nkhani ya penate, anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Malume, amplifaya yanu imamva bwinobwino. Ndipatseni rimoti ya TV."

"Iwe mwana, ya TV ndi ya TV. Tinayesa kale," anatero malume.

Iye anayatsa kamera ya foni, kuloza rimoti pa kamerayo n'kudina. Pagalasi panaoneka kababu kakuthwanima kofiirira, pomwe ndi maso enieni palibe chimene chinkaoneka. Uku ndi kuwala kwa infrared, kumene diso la munthu siliona koma makamera ambiri a foni amakugwira. Rimoti iliyonse yamtunduwu imangoyatsa ndi kuzimitsa kababu kameneka. Nkhani yonse yagona pa kayatsidwe kake. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti wovina chimtali sadzuka akamva ng'oma ya beni, ngakhale imveke bwanji. Kuwala kwa rimoti ya TV kunkafika ndithu pa diso la amplifaya, koma kaombedwe kake kanali ka gule wina.

M'chikwama chake munali kompyuta yaing'ono ngati chala chachikulu yotchedwa Arduino Nano, ndi kadiso kolandira infrared ka TSOP38238. Analumikiza mawaya atatu, kuika pulogalamu ya IRremote imene Ken Shirriff anaiyamba mu 2009, n'kuuza malume kuti adine batani lokweza mawu. Pa laputopu panatuluka 20DF40BF. Lotsitsa linapereka 20DFC03F, lotseka mawu 20DF906F.

Apa mpamene ine ndinakokera benchi pafupi, chifukwa manambala ooneka ngati achisawawawa ali ndi dongosolo lokoma. TV ya malume imatsatira ndondomeko yotchedwa NEC, yochokera ku kampani ya ku Japan ya dzina lomweli. Kababu kakayaka sikayaka mosalekeza, kamathwanima ka 38,000 pa sekondi, kuti kadiso ka TV kasiyanitse rimoti ndi dzuwa kapena babu la m'nyumba. Uthenga umayamba ndi kuthwanima kwa mamilisekondi 9, kenako kupuma mamilisekondi 4.5, ngati kunena kuti tcherani khutu. Pambuyo pake pamabwera mabiti 32. Biti iliyonse ndi kuthwanima kwakufupi kwa mamaikolosekondi pafupifupi 560. Kukatsatira kupuma kofanana nako, imeneyo ndi 0. Kupuma kukatalika katatu, pafupifupi 1,690, imeneyo ndi 1. Mabiti 32 aja ali m'magawo anayi: nambala ya chipangizo, nambala yomweyo yotembenuzidwa, nambala ya lamulo, ndi lamulo lomwelo lotembenuzidwa. Pa 20DF40BF, 40 ndi BF m'kawerengedwe ka hex ndi 64 ndi 191, ndipo mukaphatikiza mumapeza 255. Chimodzimodzi 20 ndi DF. TV ikaona kuti masamuwa sakukwana, imadziwa kuti wina anadutsa patsogolo pake uthenga uli pakati, ndipo siimvera. Palinso kachinyengo kena: NEC imatumiza mabiti kuyambira kumapeto. Mukawabweza, 20 uja ndi 4 ndipo 40 ndi 2. Chinambala chonse chija chikungonena kuti chipangizo 4, lamulo 2.

Rimoti ya amplifaya panalibe, mphunzitsi uja anali atasamukira kwa ana ake. Mlongo wanga sanadandaule. Anafufuza pa intaneti n'kupeza zizindikiro za Marantz zolembedwa m'njira yotchedwa Pronto hex, imene inabadwa ndi rimoti ya Philips Pronto ya mu 1998 ndipo mpaka lero anthu amagawirana zizindikiro mwa njira imeneyi. Ndi mzere wautali wa manambala a zilembo zinayizinayi. Iye anangoyang'ana awiri oyamba, 0000 0073, n'kuwomba m'manja. Nambala yachiwiriyo imanena liwiro la kathwanimidwe. 0073 ndi 115, ndipo mukachulukitsa ndi mamaikolosekondi 0.241246 mumapeza pafupifupi 27.7, kutanthauza kuthwanima ka 36,000 pa sekondi. Zikanakhala za NEC pakanakhala 006D. Anaponya mzere wonse mu pulogalamu yaulere ya IrScrutinizer, ya Bengt Martensson, ndipo inayankha mwachidule: RC5, chipangizo 16, lamulo 16.

RC-5 ndi ndondomeko ya Philips ya m'zaka za m'ma 1980, ndipo Marantz inaitengera chifukwa kwa zaka zambiri inali m'manja mwa Philips. Ndi yosiyana ndi NEC pa chilichonse. Ilibe kuthwanima kwakutali kotsegulira. Mabiti ake ndi 14 okha, iliyonse yotalika mamilisekondi 1.778 ndipo yogawidwa pakati. Kababu kakazima theka loyamba n'kuyaka theka lachiwiri, imeneyo ndi 1. Kakayamba n'kuyaka kenako n'kuzima, ndi 0. Mabiti awiri oyamba ndi otsegulira, asanu ndi a chipangizo, asanu ndi imodzi ndi a lamulo. Yotsala imodzi, yachitatu pamzere, ndiyo inadyetsa malume manyazi pa tsiku la penate.

Biti imeneyi imatchedwa toggle. Rimoti yeniyeni ya RC-5 imaisintha nthawi iliyonse chala chikachoka pabatani n'kubwereranso: kudina koyamba 0, kudina kotsatira 1, kenako 0. Chala chikangokhala pabatani, biti siisintha. Umo ndi mmene amplifaya imasiyanitsira munthu amene wadina kawiri ndi amene wangogwiriza. Tsono rimoti yokopera ija inajambula uthenga umodzi n'kumaubwereza momwemo, toggle yake osasuntha. Amplifaya inamva kudina koyamba n'kutseka mawu. Kwachiwiri ndi kwachitatu inaona ngati malume sanachotsebe chala, ndipo inakhala chete mwaulemu wake wonse. Malume atamva izi anakhala kanthawi atagwira chibwano, kenako anati, "Ndiye kuti inkandimva nthawi yonseyi?"

Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa kukopera ndi kutembenuza. Kukopera kumangosunga kaombedwe. Kutembenuza kumafuna kuti uthyole uthenga mpaka upeze nambala ya chipangizo ndi ya lamulo, kenako uumange mwatsopano motsatira malamulo a ndondomeko inayo, ndi zikhalidwe zake zonse. Makampaniwa sanakhalepo pansi kuti agwirizane njira imodzi, aliyense anakonza yake. Ine sindiwada nazo kwenikweni, poti akanakhala ndi njira imodzi ndi manambala amodzi, kudina kumodzi kukanazimitsa nyumba yonse. Chimene chimandiwawa ndi kuona zipangizo zabwinobwino zikutayidwa chifukwa kapulasitiki ka mabatani kanasowa. Bola ife tili ndi kuwala. Rimoti ya Zenith Space Command ya mu 1956, ya Robert Adler, inkagwiritsa ntchito kamvekedwe kopitirira khutu la munthu, moti kugwedeza makiyi pafupi nthawi zina kunkasintha tchanelo. Tangoganizani zimenezo m'nyumba yodzaza anyamata a kabaza!

Chimene mlongo wanga anamanga chinakwana m'mkebe wa majarini. Munali Arduino ija, kadiso kolandira koyang'ana kumabenchi, ndi kababu ka infrared pa waya wautali kamene anakamata ndi tepi pa diso la amplifaya. Magetsi anatenga pa chaja yakale ya foni. Mtima wa pulogalamu unali mizere itatu. Ukamva NEC 4 ndi 2, tumiza RC-5 16 ndi 16. Ukamva 4 ndi 3, tumiza 16 ndi 17. Ukamva 4 ndi 9, tumiza 16 ndi 13. Masipika a TV anali ozimitsidwa kale, choncho mabataniwo analibe ntchito ina.

Chimene chinamudyera nthawi ndi kugwiriza batani. Rimoti ya NEC ukaigwiriza sibwereza uthenga wonse. Imangotumiza kachizindikiro kakafupi konena kuti chomwechija, mamilisekondi 9 kuyaka, 2.25 kupuma, n'kuthwanima kamodzi, ndipo imatero pa mamilisekondi pafupifupi 108 alionse. Mkebe uyenera kukumbukira lamulo lomaliza, kulitumizanso toggle isanasinthe, n'kuisintha pokhapokha uthenga wathunthu ukabwera. Komanso uyenera kuyankhula pamene rimoti yapuma, kuti kuwala kwa ziwirizi kusaombane. Mwamwayi uthenga wa RC-5 umatha m'mamilisekondi 25, ndipo mpata ulipo wokwanira.

Loweruka lotsatira malume sanauze munthu. Mnyamata anaima pafupi ndi kreti yake monga mwa nthawi zonse. Osewera akulowa m'bwalo, malume anatulutsa rimoti ya TV m'thumba la malaya, kuikweza pamwamba kuti aliyense aone, n'kugwiriza batani. Pashelefu paja chopotokolera mawu chinayamba kuzungulira chokha, pang'onopang'ono, popanda dzanja la munthu. Wina wa kumbuyo anakuwa kuti "Ufiti!" Nyumba inaphulika ndi phwete. Malume anatseka mawu, kutsegula, kutseka, kutsegulanso, mpaka anthu anawachonderera kuti aleke, mpira wayamba.

Kuyambira pamenepo malume ndi munthu wina. Timu ikamathamangira kugolo amakweza pang'onopang'ono mpaka mitima ikwere nawo. Chigoli chikalowa amathira mawu onse. Timu imene iwo saikonda ikagoletsa, mawu amatsika mwadzidzidzi ndipo amalumbira kuti ndi netiweki. Maliro akangotulukira pakona, nyumba imakhala zii wolira woyamba asanafike pagolosale, moti amfumu anawayamikira pamsonkhano. Mnyamata uja anakwezedwa pantchito, tsopano amatolera ndalama pakhomo ndi kugulitsa zitumbuwa, ndipo kreti inabwezedwa kwa eni ake. Mlongo wanga naye dzina la "iwe mwana" linatha. Pano ndi "a Injiniya", ndipo akalowa amapatsidwa mpando wapulasitiki wokhala ndi potsamira.

Asanabwerere kusukulu anawonjezera mzere wachinayi. M'golosale muli TV yakale ya Sony, ija ya chimsana, imene rimoti yake inadyedwa ndi mabatire otuluka madzi. Sony ili ndi ndondomeko yakeyake yotchedwa SIRC, yothwanima ka 40,000 pa sekondi, yoyamba ndi mamilisekondi 2.4, ndipo imasiyanitsa 1 ndi 0 pa kutalika kwa kuyaka osati kwa kupuma. Kuyatsa TV ndi chipangizo 1, lamulo 21, ndipo uthenga umatumizidwa katatu motsatizana. Waya wina unadutsa pakhoma, batani lofiira la rimoti ya LG linapatsidwa ntchito, basi. Azakhali amene amagulitsa m'golosale tsopano amagogoda khoma, malume n'kuwayatsira ali pampando.

Mbiri inafika tsidya la msewu. Mnzawo uja anabwera madzulo ena atavula chipewa, atanyamula wailesi yaikulu yopanda rimoti, kufunsa ngati mtsikana wodziwa zamagetsi angamuonereko. Malume anamulandira bwino, kumufunsa za ana ndi za kumunda, kenako anagwedeza mutu mwachisoni.

"Pepani achimwene, a Injiniya ananyamuka dzulo."

A Injiniyawo anali kuseri kwa katani, akudya chitumbuwa, atatseka pakamwa ndi dzanja kuti kuseka kusamveke. M'mawa mwake anawoloka msewu ndi chikwama chawo, ndipo mtengo umene anatchula kumeneko malume sanauzidwe.