Mbalame zikufera pa mazenera athu

Masiku ano ambiri tamanga nyumba za mazenera aakulu a magalasi, ndipo matchalitchi athu nawonso sanatsalire m'mbuyo. Zimenezi n'zoyamika. Komabe m'makomo mwathu timamva kuti "phu!" pa zenera, ndipo potuluka timapeza mpheta kapena pumbwa ili gone pansi. Ena amafulumira kunena kuti ndi malodza, mpaka kuyamba kukayikira anansi awo. Koma chifukwa chake n'chodziwika bwino, ndipo mulibe zamatsenga m'menemo.

Mbalame siizindikira galasi. Ikaona mitengo ndi thambo m'galasimo, imayesa kuti njira ndi yotseguka, ndipo imauluka ndi liwiro lake lonse mpaka kudziwomba. Ija imene imajompha zenera m'mawa uliwonse, kawirikawiri imakhala yaimuna yomwe ikulimbana ndi chithunzithunzi chake m'nyengo yoswana, poganiza kuti ndi mdani.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa m'chaka cha 2014, wotsogoleredwa ndi Scott Loss, anasonyeza kuti ku America kokha mbalame zapakati pa 365 miliyoni ndi 988 miliyoni zimafa chaka chilichonse powombana ndi nyumba, ndipo zochuluka zimafera pa nyumba zogona ndi nyumba zina zazifupi. Mu Okutobala 2023, mbalame pafupifupi 1,000 zinafa tsiku limodzi pa nyumba ya McCormick Place mumzinda wa Chicago. Mu 2024 eni ake anamata timadontho pa magalasiwo, ndipo imfa za mbalame zinachepa kwambiri.

Nanga ife tichitenji? Choyamba, tiyeni tilembe mizere kapena madontho kunja kwa galasi ndi penti, laimu ngakhale sopo, motalikirana masentimita 5 okha, ngati zala zitatu. Chithunzi chimodzi chokha cha kabawi sichithandiza, pakuti mbalame imangochilambalala n'kukawomba pambali. Chachiwiri, waya wotchinga udzudzu akaikidwa kunja kwa zenera amateteza mbalame pamodzi ndi ana athu ku malungo. Chachitatu, tizizimitsa magetsi osafunika usiku, chifukwa kuwala kumasokoneza mbalame zoyenda maulendo aatali mumdima.

Tikapeza mbalame yakomoka, tiiike m'katoni yoboola timabowo, pamalo abata kutali ndi amphaka. Tisaimwetse madzi mokakamiza. Ikatsitsimuka, tiitulutse panja kuti iuluke.

Pa Mateyu 10:29 Ambuye Yesu akutiphunzitsa kuti kugwa kwa mpheta imodzi sikubisika kwa Atate wathu. Ngati Mlengi amasamala kambalame kotchipa chotero, ife amene anatipatsa udindo woyang'anira chilengedwe tisakaone ngati kopanda pake. Mbalame zomwezi zimatidyera mbozi m'minda ndi kutidzutsa ndi nyimbo m'mawa.

Loweruka likubwerali, tiyeni titenge ana athu tizungulire nyumba, tione zenera limene mitengo ikuonekeramo, ndipo tiyambire pomwepo. Ambuye akudalitseni nonse.