Chigongono cha Tommy John

Mu 1974, Tommy John, katswiri woponya mpira wa baseball mu timu ya Los Angeles Dodgers ku America, anaduka mtsempha wam'kati mwa chigongono chakumanzere. Masiku amenewo, woponya akavulala motere ntchito inkathera pomwepo.

Dokotala wa timuyo, Frank Jobe, anachotsa mtsempha wina pamkono wakumanja wa John, n'kuboola mafupa a chigongono chovulalacho, n'kuulowetsa m'mabowomo kuti ulowe m'malo mwa wodukawo. John anakhala chaka chonse cha 1975 osasewera. Atabwerera mu 1976, anaponya mpaka 1989 ali ndi zaka 46, ndipo anapambana masewero ena 164.

Lero opaleshoniyi imadziwika ndi dzina la Tommy John, koma ntchito yaikulu imakhala pambuyo pake. Poyamba mkono umamangidwa. Kenako wodwala amaphunzira kuuwongola ndi kuupinda pang'onopang'ono, uku akulimbitsa minofu ya phewa, m'chiuno ndi m'miyendo, poti mphamvu yoponyera imachokera m'munsi. Miyendo ikafooka, chigongono chimasenza katundu wochuluka.

Pakatha miyezi ngati inayi, amayamba kuponya chapafupi, n'kumatalikitsa mtunda sabata ndi sabata. Ambiri amabwerera m'bwalo pakatha miyezi 12 mpaka 18.