Kagalimoto komanga wekha pakhomo: zimene makaniko amayang'ana

Anyamata amene amabwera ku galaja yanga kuno ku Kafue, ena ochokera ku Chanyanya atanyamula injini za maboti ndi njinga zamoto, ayamba kundionetsa pa foni kagalimoto kena kotsika kwambiri, ka mipando iwiri, kopanda denga kapena zitseko, matayala akutsogolo ali poyera. Funso limakhala lomwelo: "Madala, n'zoona kuti kameneka munthu amamanga yekha pakhomo?" N'zoona. Ndipo pa galimoto zonse zothamanga, palibe ina yosavuta kuimvetsa ngati imeneyi. Chovuta chili pena, osati pamene anthu amaganiza.

Kholo la timagalimoto timeneti ndi Lotus Seven, imene Colin Chapman anatulutsa ku England mu 1957. Nzeru yake inali yoti m'malo mowonjezera mphamvu ya injini, uchotse kulemera. Ankaigulitsa ili zidutswazidutswa chifukwa nthawi imeneyo ku Britain galimoto yomanga wekha sinkalipira msonkho umene galimoto yathunthu inkalipira. Mu 1973 Lotus inagulitsa ufulu wopanga galimotoyi ku kampani ya Caterham, ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Kuno kumwera kwa Africa nafenso tili ndi yathu: John Watson anayambitsa kampani ya Birkin mu 1982 ku Pinetown, pafupi ndi Durban, n'kumapanga galimoto za mtundu womwewo. Kenaka mu 1996 Ron Champion analemba buku lolonjeza kuti ndi mapaundi 250 munthu atha kumanga yakeyake, pogwiritsa ntchito mapaipi achitsulo ndi zotsala za Ford Escort yakale. Galimoto zomangidwa motere anthu amazitchula kuti Locost. Mtengowo musaukhulupirire kwambiri, koma nzeru ya m'bukulo ndi yoona.

Kumanga galimoto kuchokera m'mabokosi si zachilendo m'Zambia muno. Akuluakulu amakumbukira ma Fiat amene ankamangidwa ku Livingstone kuyambira m'zaka za m'ma 1970, zida zake zikuchokera kunja. Kusiyana kwake n'koti kuja inali fakitale, pomwe kuno ndi munthu mmodzi ndi sipanala yake.

Mukachotsa bonati, zonse zimaoneka. Pali chasisi ya mapaipi amakona anayi, ambiri a mamilimita 25, owotchereredwa mwa timakona titatutitatu kuti isapindike. Pamwamba pake amakhomapo malata opyapyala a aluminiyamu, ndipo mphuno ndi madigadi amaumba ndi faibala, ngati ija ya maboti a pa doko. Injini, giyabokosi, ekiselo, mabuleki ndi chiwongolero zimachokera ku galimoto wamba. Aliyense amene anaonapo mmisiri wa kumudzi akutenga ekiselo ya galimoto yakufa n'kuimangira thupi latsopano kuti ikhale ngolo ya ng'ombe, waona kale mutu wa nkhaniyi. Zakale zinkayendera injini ya Ford ya malita 1.6, ma Birkin ambiri anaikidwa Toyota 4A-GE imene inalinso m'ma Corolla ena, ndipo omanga amasiku ano amakonda kuphwasula Mazda MX-5. Yonse ikatha imalemera makilogalamu pakati pa 500 ndi 600, pafupifupi theka la Corolla. N'chifukwa chake injini imene mu Corolla imangoyenda mwaulemu, muno imaluma.

Kupepukako kumathandizanso thumba. Matayala ndi mabuleki zimatha pang'onopang'ono. Mapulagi, oyilo, fyuluta, lamba, zonse mumazifikira mutaimirira, osafunikira kugona pansi kapena kumasula zinthu zisanu kuti mufike pa chimodzi. Zakale zilibe kompyuta, choncho vuto la magetsi mumalitsata ndi kababu ndi waya. Chimene chimafuna khutu lozolowera ndi makabuleta awiri a Weber amene ambiri amaikamo: akapanda kukoka mpweya mofanana, injini imatsokomola ndipo petulo amapita ngati thanki yabooka.

Tsopano pamene ine ndimachita mantha. Galimoto ya kufakitale inayesedwa, inagundidwa pakhoma dala, anthu analemba zotsatira. Yomanga pakhomo woyesa wake ndi inu nomwe, pamsewu. Paipi ya chasisi ndi yopyapyala, mamilimita 1.6 okha, ndipo makina owotcherera ndi ndodo, amene timapangira mageti ndi mafelemu a mawindo, amaiboola kapena amangopaka chitsulo pamwamba osalowa mkati. Kunja kumaoneka bwino, makamaka akapaka penti. Geti likathyoka mumangolimanga ndi waya. Pamene pagwira mkono wa tayala lakutsogolo pakathyoka muli pa liwiro, palibe chomanga. Kotero munthu akandibweretsera galimoto yotere kuti ndiione asanagule, injini ndimaisiya kaye. Ndimaikweza, kuipukuta, n'kutsata mfundo iliyonse yowotcherera ndi tochi, makamaka pogwira mikono ya matayala, pokhala injini ndi pomangirira malamba. Kamzere kadzimbiri kowongoka pambali pa mfundo ndi mng'alu. Ndimagogodanso mapaipi apansi, chifukwa madzi amabisala pakati pa aluminiyamu ndi chitsulo, zitsulo ziwirizi n'kumadyana mwakachetechete.

Kachiwiri ndi mabawuti. Pamutu pa bawuti yabwino pamalembedwa nambala, ndipo pa miyendo ndi mabuleki sindilola yochepera 8.8. Yopanda nambala, ija yogula pamsika pamodzi ndi mahinjesi, ndi ya pakhomo la khitchini. Nati yokhala ndi kapulasitiki mkati mukaimasula kamodzi, itayeni. Kumanganso kuli ndi muyeso wake, ndipo sipanala yoyezera mphamvu si chida chodzionetsera. Ife amakaniko tili ndi chizolowezi chowonjezera paipi ku sipanala n'kudumphirapo, ati kuti ilimbe. Bawuti yokokedwa chotero yatambasuka kale, ikungodikira tsiku. Madzi a mabuleki amamwa chinyezi, choncho asinthidwe zaka ziwiri zilizonse ngakhale galimoto ikungokhala. Ndipo galimoto ikhale yopepuka chotani, musalowe pansi pake itakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Nanga ingayende kwathu kuno? Pa tala wa Kafue kupita ku Lusaka, kapena kutsetsereka kupita ku Chirundu, ingakondweretse woyendetsa, bola asaiwale kuti mutu wake uli m'munsi mwa matayala a mathiraki, ndipo dalaivala wa thiraki samuona. Mahampu a m'tauni ndi mdani woyamba, chifukwa pansi pa injini, pamene pakhala oyilo, pamatalikirana ndi msewu masentimita khumi kapena kuposerapo pang'ono. Kukhotera ku Chanyanya ndi nkhani ina. M'chilimwe fumbi limalowa m'makabuleta, amene ambiri amangowaveka kasiponji, ndipo injini yomwa fumbi sichedwa kuyamba kudya oyilo. M'dzinja dothi lakuda la m'madambo a Kafue limagwira ngakhale galimoto zazitali, ndiye kameneka kangokhala pamimba matayala akuzungulira m'mwamba. Mutha kuikweza pang'ono, kuika chitsulo chotchinga pansi ndi fyuluta yeniyeni ya pepala, koma mukakweza kwambiri mwataya chimene munaigulira. Wofuna kunyamula nsomba kuchokera kudoko agule Hilux.

Zida za injini sizivuta ngati mwasankha Toyota, popeza masitolo a ku Lusaka adzaza nazo. Chenjerani pa chinthu chimodzi: injini ya mu Corolla yokoka ndi matayala akutsogolo imakhala chopingasa, pomwe muno iyenera kukhala chautali n'kumatembenuza akumbuyo, choncho pamafunika giyabokosi ina, ndipo imeneyo ndi yosowa. Zida za ma Ford akale a Escort ndi Cortina nazonso zikutha, kawirikawiri mumaitanitsa ku South Africa. Sungani kope lolembamo kuti chida chilichonse chinachokera ku galimoto yanji, ya chaka chiti. Popanda kope limeneli, wogulitsa zida akakufunsani kuti "ndi za galimoto yanji, bwana?", mudzangoyang'anana.

Mapepala ayambe, chitsulo chibwere pambuyo. Galimoto yogula kunja iyenera kudutsa ku bungwe la msonkho la ZRA, apolisi aone manambala a injini ndi chasisi, kenaka bungwe loona za pamsewu la RTSA liilembetse ndi kuiyeza ngati ili yoyenera pamsewu. Ngati mukufuna kumanga yanuyanu, pitani ku RTSA musanadule paipi yoyamba, mukafunse zimene adzafune kuona, ndipo malisiti a injini ndi a galimoto imene mwaphwasula muwasunge onse mu envelopu imodzi.