ZIPSERA PANKHOPE ZA OTISAMALA

Ambiri a ife tinavalapo masiki m'zaka za mliri wa Covid-19, ndipo tikukumbukira m'mene tinali kuivulira msanga tikangotsika basi kapena kutuluka m'sitolo. Koma analipo ena amene analibe mwaŵi wotere. Ameneŵa ndiwo anamwino, madokotala ndi antchito ena a m'zipatala, amene anali kuloŵa m'wodi m'maŵa ndi kutulukamo madzulo nkhope ili chiphimbire. Mwezi uno tifuna tione zimene chovala chaching'onochi chimachita pa thupi la munthu wochivala nthaŵi yaitali.

Kuphimba pakamwa m'chipatala sikunayambe lero. M'chaka cha 1897 dokotala Johann Mikulicz wa ku Breslau anayamba kumanga kansalu pakamwa pochita opaleshoni, kuti malovu asagwere pabala la wodwala. Masiki yotere imateteza makamaka wodwalayo, ndipo imangokhala pankhope mosathina. Koma ilipo ina, yotchedwa N95, imene ntchito yake ndi kuteteza woivala. Iyo imasefa tizinthu tosaoneka ndi maso 95 mwa 100 tilitonse touluka mumpweya. Kuti itero iyenera kugwira nkhope zolimba, osasiya mpata ngakhale pang'ono. Pamphuno ili ndi kachitsulo kopindika, ndipo zingwe zake zamphira zimakoka mwamphamvu. Kuthina kumene kumapulumutsa moyoko ndiko kumene kumapwetekanso thupi. Akuluakulu anati, walira mvula walira matope.

Choyamba kuvutika ndi khungu. M'chaka cha 2020 madokotala a ku China anafunsa antchito a m'zipatala 542 a m'chigawo cha Hubei, kumene mliri unayambira. Mwa 100 alionse, 97 anati khungu lawo linaonongeka ndi zovala zodzitetezera ndiponso kusamba m'manja kaŵirikaŵiri, ndipo malo opweteka koposa anali pamwamba pa mphuno. Amene anali kuvala koposa maola 6 ndiwo anavutika kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pamwamba pa mphuno fupa lili pafupi ndi khungu. Kachitsulo kakatsindira pamenepo magazi sayenda bwino, khungu limafiira, kenaka limatuluka matuza kapena chilonda. Mpweya wofunda ndi thukuta zimafeŵetsa khungu monga achitira madzi m'manja mwa mayi wochapa tsiku lonse, ndipo khungu lofeŵa silichedwa kunyuka. Ena amatuluka ziphuphu m'masaya ndi pachibwano, ena amatupa kuseri kwa makutu m'mene mumadutsa zingwe.

Chachiŵiri ndi mutu. Ku Singapore, m'chaka chomwecho, mwa antchito a m'chipatala 158 amene anafunsidwa, 128 anayamba kumva mutu chifukwa cha masiki ndi magalasi otchinga maso, makamaka ovala koposa maola 4 pa tsiku. Zingwe zimapanikiza mitsempha ya m'mutu. Chinanso ndi ludzu. Namwino sangavule masiki pakati pa odwala matenda opatsirana, choncho amatha maola ambiri osamwa madzi kwinaku akutuluka thukuta. Tangoganizani wogwira ntchito yotere ku Nsanje m'mwezi wa Okotobala!

Apa tiyenera kuchotsa mantha amene anafala pakati pathu, akuti masiki imamana munthu mpweya mpaka kuononga mapapo. Kupuma kumalemera ndithu, ndipo munthu amamva kutentha ndi kutopa, koma oyeza magazi a anthu athanzi ovala masiki anapeza kuti mpweya wabwino sutsika kufika poopsa. Zoŵaŵa zenizeni ndizo zilonda, mutu, ludzu ndi kutopa, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala ake popanda kutaya masiki.

Mankhwala oyamba ndiwo kupumula. Akatswiri a khungu amalangiza kuti pakatha maola 2 alionse wantchito apite pamalo abwino, asambe m'manja, avule masiki kwa mphindi 15, amwe madzi. Achiŵiri ndiwo masiki yolingana ndi nkhope yake, pakuti nkhope za anthu zimasiyana monga asiyanira mapazi. Asambe kumaso ndi sopo wosaŵaŵa, koma asadzole Vaseline pamene pakhudza N95, chifukwa imaterereka ndi kusiya mpata. Komatu namwino angapumule bwanji ngati ali yekha m'wodi yodzaza? Ndiye kuti nkhaniyi ikhudzanso oyang'anira zipatala ndi boma: pafunika antchito okwanira ndi zipangizo zoyenera.

Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 siinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma masiki siinachoke m'chipatala. Ochita opaleshoni ndi osamala odwala chifuwa chachikulu akuivalabe. Choncho tikamva namwino akulankhula mokweza, tisafulumire kunena kuti ndi wamwano. Mau ake akuchita kuboola nsalu kuti atifike. Ndipo ife amene tili ndi mwana kapena mnzathu wa m'banja wogwira ntchitoyi, akafika kunyumba ndi mizere m'masaya timpatse madzi akumwa ndi osamba, ndipo timlole apumule tisanayambe kumuuza mavuto a pakhomo. Mizere imeneyo waipeza posamala abale athu.