Chithupsa cha M'kamwa: Bilu Yake Imayenda Bwanji?

Kuno kunyanja, ku Senga Bay ndi ku Chipoka, timakumana ndi anthu tsaya litatupa, akungopirira ndi Panado poopa bilu. Komatu mapiritsi okha sachotsa mafinya. Dokotala wa mano amayenera kuboola chithupsacho, mwinanso kuzula dzino lowolalo.

Pachipatala cha boma cha Salima sitilipira, ndalama imangopita pa thiransipoti. Kuchipatala cholipira ndiye tifunsiretu mtengo, chifukwa kuboola, kuzula ndi mankhwala zimatha kuwerengedwa paderapadera. Amene tili pa MASM tionetsetse kuti pafomu alemba chithandizo chenicheni chimene talandira, ndi dzino lake lomwe, kuopa kuti bilu ingatibwerere.

Koma kutupako kukatsikira kukhosi, kumeza kapena kupuma n'kumavuta, za ndalama tizisiye kaye. Tithamangire kuchipatala usiku womwewo.